John Dalton, Munthu Amene Adafufuza Maso Ake Omwe

John Dalton adabadwa pa 6 September, 1766, m'mudzi wa Eaglesfield kumpoto kwa England. Bambo wake adali mmisiri woomba nsalu ndipo banja lawo lidali losauka. Komabe John adali mwana wanzeru ndi wakhama, kotero kuti pofika zaka 12 adayamba kuphunzitsa ana anzake m'mudzimo. Pambuyo pake adakaphunzitsa m'tauni ya Kendal.

Tsiku lina m'chaka cha 1792, Dalton adayang'anitsitsa duŵa lotchedwa geranium. Masana duŵalo lidamuonekera ngati la mtundu wa thambo, koma usiku, pa kuŵala kwa kandulo, lidasanduka lofiira. Atafunsa anzake, onse adati duŵalo silidasinthe mtundu. Mkulu wake yekha, Jonathan, ndiye adaliona monga momwe iye adalionera. Apa Dalton adazindikira kuti maso ake adali osiyana ndi a anthu ena. Mu utaŵaleza, momwe anzake ankaonamo mitundu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iŵiri, iye ankangoonamo iŵiri kapena itatu.

Dalton sadachite manyazi ndi vutoli. Atasamukira ku Manchester, m'chaka cha 1794 adafotokoza zonse pamsonkhano wa anthu ophunzira. Iye adaganiza kuti madzi a m'maso mwake adali a mtundu wa thambo. Pofuna kuti choonadi chidziŵike, adalamula kuti akadzamwalira maso akewo adzapimidwe.

Dalton adatchukanso kwambiri pofotokoza za maatomu, tizinthu tating'onoting'ono timene timapanga zinthu zonse. Adamwalira pa 27 July, 1844. Dokotala wake, Joseph Ransome, atapima diso limodzi adapeza kuti madziwo adali oyera ngati a munthu aliyense. Ganizo la Dalton lidali lolakwa, koma zotsala za maso ake zidasungidwa bwino.

Yankho lenileni lidapezeka m'chaka cha 1995. M'kati mwa diso muli timaselo ta magulu atatu tothandiza kusiyanitsa mitundu. Gulu lina limagwira bwino kuŵala kofiira, lina kobiriŵira, ndipo lina kwa mtundu wa thambo. Akatswiri atapimanso zotsalazo adaona kuti Dalton adalibe gulu logwira kuŵala kobiriŵira. Vutoli munthu amachita kubadwa nalo, ndipo limapezeka kaŵirikaŵiri mwa amuna kuposa mwa akazi. M'Chifalansa vutoli limatchedwa ndi dzina la Dalton mpaka lero.

Kafukufuku amene Dalton adayamba amateteza miyoyo ya anthu. Woyendetsa sitima kapena ndege akalephera kusiyanitsa nyali yofiira ndi yobiriŵira angathe kuchititsa ngozi yoopsa. N'chifukwa chake ofuna ntchito zimenezi amayamba apimidwa maso. Njira yodziŵika ndi ya dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, amene m'chaka cha 1917 adakonza zithunzi za timadontho momwe mudabisika manambala.

Mwina m'kalasi mwanu muli mnzanu amene amavutika kusiyanitsa tomato wakupsa ndi wosapsa. Musamuseke, pakuti sikupusa ayi. Muthandizeni, ndipo aphunzitsi adziŵe.

Mafunso
1. Kodi Dalton adazindikira bwanji vuto la maso ake?
2. Adalamula kuti chidzachitike n'chiyani akadzamwalira?
3. N'chifukwa chiyani oyendetsa sitima amapimidwa maso?