Georges Perec: mlembi amene adasoweka chilembo

M'chaka cha 1969, ku France kudatuluka buku la masamba pafupifupi 300 lomwe mulibe chilembo cha e ngakhale pamodzi. Dzina lake ndi La Disparition, kutanthauza kusowa, ndipo mlembi wake adali Georges Perec. M'Chifalansa e ndiye chilembo chopezeka kwambiri, choncho ntchitoyi tingaiyerekeze ndi kulemba nthano yonse ya Chichewa popanda a. Mayi, bambo, mwana, makolo, onsewo sangatchulidwe.

Perec adabadwira ku Paris pa 7 Malichi 1936. Makolo ake adali Ayuda ochokera ku Poland. Bambo ake adafera kunkhondo mu 1940 akumenyera nkhondo dziko la France. Mayi ake adamukweza sitima ya a Red Cross kuti akabisale kumapiri, koma iwo adagwidwa mu 1943 ndi kutumizidwa ku Auschwitz. Sadabwereko, ndipo manda awo kulibe. Nkhondo itatha, boma lidangopereka chikalata chonena kuti adasowa. Mwanayo adaleredwa ndi azakhali ake.

Atakula adagwira ntchito yosunga zolembedwa pamalo ena ofufuza za ubongo kuyambira 1961 mpaka 1978, kwinaku akulemba. Buku lake loyamba kusindikizidwa, Les Choses, lidapata mphoto ya Renaudot mu 1965. Patatha zaka ziwiri adalowa gulu la Oulipo, lomwe Raymond Queneau ndi François Le Lionnais adayambitsa mu 1960. Gululi limadziikira malamulo okhwima polemba, pokhulupirira kuti munthu wotsekeredwa njira yozolowereka amatulukira ina.

Ambiri adaona La Disparition ngati sewero chabe, ndipo nthabwala zilimodi. Nkhani yake ndi ya anthu ofunafuna mnzawo Anton Voyl amene wasowa, ndipo nawonso akufa mmodzimmodzi asanatchule chimene chikusowacho. Koma popanda e, Mfalansa sangalembe père, bambo, kapena mère, mayi. Sangalembenso dzina loti Georges Perec. Apa m'povuta kukhulupirira kuti mwana wamasiye uja adasankha lamuloli mwangozi. Chimene sadathe kuchinena poyera adachisiya chioneke ngati mpata pamzere uliwonse.

Masewerawo sadawasiye. Mu 1972 adatembenuza lamulo m'buku la Les Revenentes: mwa zilembo zaliwu zonse adagwiritsa ntchito e yekha. Mu 1978 adatulutsa La Vie mode d'emploi, lofotokoza nyumba imodzi yosanja ya ku Paris, momwe mitu imalumpha kuchoka chipinda china kupita china monga amayendera kavalo wa masewero a chess. Zipinda ndi 100, koma mitu ndi 99. Umodzi adausiya dala. Bukuli lidapata mphoto ya Médicis ndipo lidamuthandiza kusiya ntchito n'kumadya za cholembera.

Zaka zaufuluzo zidachepa. Adamwalira ndi khansa ya m'mapapo pa 3 Malichi 1982, kutatsala masiku anayi kuti akwanitse zaka 46. Gilbert Adair adamasulira La Disparition m'Chingerezi pamutu woti A Void, nayenso osalemba e.