David Wheeler, katswiri amene anaphunzitsa kompyuta kudzuka yokha

Munthu wa ku Lilanda akayatsa foni yake ya m'manja, pamapita kamphindi cithunzi cisanaoneke. M'kamphindi kameneko, kapulogalamu kochedwa boot loader kamakhala kakudzutsa kernel, mtima wa pulogalamu yaikulu yoyendetsa foniyo. Mmodzi mwa anthu oyamba kulemba kapulogalamu kotere anali malemu a David Wheeler.

A Wheeler anabadwira mumzinda wa Birmingham m'dziko la Britain pa 9 February 1927, ndipo anaphunzira masamu pa yunivesite ya Cambridge. Kumeneko analowa m'gulu la a Maurice Wilkes limene linamanga kompyuta ya EDSAC, yomwe inayamba kugwira nchito pa 6 May 1949.

Vuto linali lakuti kompyuta yongoyatsidwa kumene sidziwa kanthu, ngakhale kuwerenga malangizo amene yapatsidwa. A Wheeler, ali ndi zaka 22, analemba malangizo 31 okha ochedwa Initial Orders. Munthu akadina batani, malangizowo anali kulowa m'makinawo, kuwerenga tepi ya pepala yoboolaboola, ndi kusandutsa zilembo kukhala manambala amene kompyuta imamva. Motero akatswiri anapeputsidwa nchito yolemba manambala ataliatali pamanja.

Mu 1951 iwo, a Wilkes ndi a Stanley Gill anatulutsa buku lophunzitsa kalembedwe ka mapulogalamu, ndipo mu 1981 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society.

A Wheeler anamwalira pa 13 December 2004 ali ndi zaka 77.