Claude Shannon

Claude Elwood Shannon (30 Epulo 1916 – 24 Febuluwale 2001) anali katswiri wa masamu komanso injiniya wa zamagetsi wa ku United States. Amadziwika monga munthu amene anayambitsa sayansi ya kayezedwe ndi katumizidwe ka uthenga, yomwe mafoni, makompyuta ndi intaneti zimadalira masiku ano. Akaweruka kuntchito, Shannon ankathera nthawi yake yambiri akupanga timakina tosewerera, monga mbewa yodzipezera yokha njira, makina osewera chesi ndi zidole zowakha mipira. Zambiri mwa zinthuzi sizinamubweretsere ndalama, koma zina zinathandiza kuyambitsa kafukufuku wa makina otha kuphunzira.

Ubwana wake

Shannon anabadwira ku Petoskey m'chigawo cha Michigan, ndipo anakulira m'tauni yaing'ono ya Gaylord. Bambo ake, omwe dzina lawo linalinso Claude, anali abizinesi ndipo anagwirapo ntchito yoweruza milandu ya chuma cha masiye. Mayi ake, a Mabel Wolf Shannon, ankaphunzitsa zinenero ndipo anakhalapo mphunzitsi wamkulu pa sekondale ya Gaylord.

Kuyambira ali mwana ankakonda kuphwasula ndi kulumikiza zinthu. Anapanga tindege toseweretsa ndi kabwato koyendetsedwa ndi wailesi. Anagwiritsanso ntchito waya waminga wa mpanda potumizirana mauthenga a magetsi ndi mnzake amene ankakhala pa mtunda wa mamita pafupifupi 800. Ndalama zake ankazipeza pokonza mawailesi ndi poperekera matelegalamu a kampani ya Western Union. Munthu amene ankamusirira kwambiri anali Thomas Edison, ndipo pambuyo pake anadzazindikira kuti panali chibale chapatali pakati pawo.

Maphunziro

Mu 1932 analowa yunivesite ya Michigan, ndipo mu 1936 anatuluka ndi madigiri awiri, ya masamu ndi ya uinjiniya wa zamagetsi. Chaka chomwecho anapita ku Massachusetts Institute of Technology, yodziwika ndi dzina lachidule la MIT, kumene ankayang'anira makina aakulu owerengera masamu omwe anapangidwa ndi Vannevar Bush. Makinawo anali ndi mashafuti, magiya ndi maswichi ambiri otsegulidwa ndi magetsi otchedwa relay.

Pa nthawiyo mainjiniya ankalumikiza maswichi oterewa mongodalira luso ndi kuyesayesa. Shannon anakumbukira masamu a George Boole amene anaphunzira ku Michigan, omwe amati mfundo iliyonse imakhala yoona kapena yabodza. Anaona kuti swichi nayo ili ndi mbali ziwiri zokha, kuyatsa ndi kuzimitsa. Maswichi awiri akalumikizidwa motsatizana, magetsi amadutsa pokhapokha onse awiri atayatsidwa. Akalumikizidwa mbali ndi mbali, kuyatsa imodzi yokha n'kokwanira. Choncho munthu angathe kulemba dongosolo lonse la mawaya papepala ngati samu, n'kulifupikitsa, asanagwire waya ndi mmodzi yemwe. Izi anazilemba mu 1937 ali ndi zaka 21, m'kafukufuku wa digiri yake yachiwiri, ndipo ndiwo maziko a kapangidwe ka kompyuta iliyonse ya masiku ano. Digiri ya udokotala anaipeza mu 1940 pa kafukufuku wogwiritsa ntchito masamu pofotokoza za chibadwa chimene ana amatengera kwa makolo.

Ku Bell Labs

Atakhala chaka chimodzi ku Institute for Advanced Study ku Princeton, mu 1941 anayamba ntchito ku Bell Labs, nthambi ya kafukufuku ya kampani ya matelefoni ya ku America. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anagwira ntchito ya makina olozetsa mfuti zowombera ndege komanso ya kubisa mauthenga. Kumayambiriro kwa 1943 anakumana ndi Alan Turing wa ku Britain, amene anabwera ku Bell Labs kwa kanthawi. Awiriwa ankacheza pa nthawi ya tiyi za kuthekera kopanga makina oganiza.

Mu 1948 Shannon anasindikiza nkhani yotchedwa A Mathematical Theory of Communication m'magazini ya Bell System Technical Journal. M'nkhaniyi anasonyeza kuti uthenga ungathe kuyezedwa, kaya ukhale mawu olankhula, zilembo, nyimbo kapena chithunzi. Muyezo wake ndi bit, dzina limene Shannon ananena kuti linachokera kwa mnzake John Tukey. Bit imodzi ndi yankho la funso lofuna inde kapena ayi pamene mayankho onse awiri ali ndi mwayi wofanana. Mwachitsanzo, kuti munthu apeze chinthu chimodzi pakati pa zinthu 8, mafunso atatu otere ndi okwanira, chifukwa funso lililonse limachotsa theka la zotsala.

Anasonyezanso kuti njira iliyonse yotumizira uthenga, monga waya wa telefoni kapena wailesi, ili ndi malire a kuchuluka kwa uthenga umene ingadutsitse pa sekondi imodzi. Chimene chinadabwitsa akatswiri ndi chakuti munthu akapanda kupyola malirewo, uthenga ungathe kufika pafupifupi wopanda cholakwika chilichonse ngakhale panjira pakhale phokoso, bola ukonzedwe bwino usanatumizidwe. Shannon anatsimikizira ndi masamu kuti njira zokonzera uthenga motero zilipo, koma sanazipange. Zinatengera akatswiri ena zaka zoposa 40 kuti apeze njira zoyandikira malirewo.

Banja ndi moyo wa tsiku ndi tsiku

Shannon anakwatira Norma Levor mu 1940, koma banjalo linatha chaka chotsatira. Mu 1949 anakwatira Mary Elizabeth Moore, wodziwika kuti Betty, amene ankagwira ntchito yowerengera masamu ku Bell Labs. Anabereka ana atatu. Betty ankamuthandiza kulemba nkhani zake ndi kulumikiza mawaya a makina ake, ndipo ndi amene anamugulira njinga yake yoyamba ya tayala limodzi.

Shannon anali munthu wofatsa, wokonda kugwira ntchito yekha atatseka chitseko, ndipo makalata ambiri sankawayankha. Komabe anzake a ku Bell Labs ankamuona akupalasa njinga ya tayala limodziyo m'makonde a maofesi, uku akuponya mipira m'mwamba n'kumaiwakha. Ankaimba chitoliro chotchedwa clarinet ndipo ankakonda nyimbo za jazi. Atayamba kuphunzitsa ku MIT mu 1956, banjali linasamukira m'nyumba yaikulu ya m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ku Winchester, m'chigawo cha Massachusetts. M'nyumbamo munali chipinda chodzaza ndi zida, njinga ndi makina amene anapanga.

Makina amene anapanga

Odziwika kwambiri ndi Theseus, mbewa yopanga ya mu 1950, yomwe inatchedwa dzina la ngwazi ya m'nthano za Agiriki. Mbewayi inali ndi maginito m'kati, ndipo inkayenda pa thebulo logawidwa m'timabokosi 25 tokhala ndi makoma osunthika. Nzeru zake sizinali m'mbewamo koma m'maswichi a relay obisika pansi pa thebulolo. Ulendo woyamba inkagunda makoma mpaka kufika pamene inkafuna. Ikabwezedwa poyambira, inkayenda molunjika chifukwa maswichiwo anali atasunga njira. Theseus imawerengedwa pakati pa makina oyambirira otha kuphunzira kuchokera pa zimene akumana nazo.

Mu 1950 momwemo anasindikiza nkhani yofotokoza mmene kompyuta ingaphunzitsidwire kusewera chesi. Anayerekeza kuti njira zosiyanasiyana zimene masewera a chesi angayendere ndi zochuluka ngati nambala 1 yotsatiridwa ndi maziro 120, kotero kuti palibe kompyuta imene ingaziyese zonse. M'malo mwake anati makina aziyang'ana masitepe ochepa akutsogolo, n'kupereka mapointsi pa mmene tizidole takhalira, kenako n'kusankha njira yabwino. Mapulogalamu ambiri a chesi anatsatira maganizo amenewa. Shannon analinso mmodzi wa anthu anayi amene anakonza msonkhano wa ku Dartmouth wa mu 1956, umene umaonedwa ngati chiyambi cha maphunziro a nzeru zopangira makina.

Makina ena anali anthabwala chabe. THROBAC inkawerengera masamu m'manambala a Chiroma. Panalinso kabokosi kokhala ndi swichi imodzi, komwe ganizo lake linachokera kwa Marvin Minsky. Munthu akayatsa swichiyo, chivundikiro chinkatseguka, kadzanja n'kutuluka, n'kuizimitsa, n'kubwereranso m'kati. Anapanganso lipenga lotulutsa moto poliimba.

Mu 1960 ndi 1961 anagwirizana ndi katswiri wa masamu Edward Thorp popanga kakompyuta kovala m'thupi, kofanana kukula ndi paketi ya ndudu, kolosera mbali imene kampira kagwere pa gudumu la juga lotchedwa roulette. Ankakapatsa nthawi podina maswichi obisika m'nsapato ndi zala za kumapazi, ndipo yankho linkamveka m'khutu. Anakayesa ku Las Vegas mu 1961, koma timawaya take tinkaduka pafupipafupi. Anthu ambiri amati iyi ndiyo kompyuta yoyamba yovala m'thupi.

Ngakhale masewera owakha mipira anawaonamo masamu. Analemba lamulo lolumikiza zinthu zisanu: kuchuluka kwa mipira, kuchuluka kwa manja, nthawi imene mpira uli m'mwamba, nthawi imene uli m'dzanja, ndi nthawi imene dzanja lili lopanda kanthu. Anapanganso makina odunditsa mipira pa ng'oma n'kumaiwakha.

Ukalamba ndi imfa

Shannon anapuma pa ntchito ku MIT mu 1978. Analandira mendulo ya National Medal of Science mu 1966 ndi mphoto ya Kyoto ya ku Japan mu 1985. Mu 1985 momwemo anafika mosayembekezereka pa msonkhano wa akatswiri a sayansi imene anayambitsa, ku Brighton m'dziko la England. Atapemphedwa kulankhula, ananena mawu ochepa kenako anatulutsa mipira n'kuyamba kuiwakha pamaso pa anthu onse.

M'zaka zake zomaliza anadwala matenda oiwalitsa a Alzheimer, ndipo intaneti inafalikira iye asakuthanso kuzindikira zimene ntchito yake inabala. Anamwalira pa 24 Febuluwale 2001 kunyumba yosamalira okalamba ku Medford, Massachusetts, ali ndi zaka 84. Chiboliboli chake chili ku Gaylord, ndipo bungwe la mainjiniya la IEEE limapereka mphoto yotchedwa dzina lake kwa akatswiri a sayansi ya uthenga.