Albert Luthuli: mphunzitsi amene adasulidwa ku Edendale ndi ku Adams

Anthu ambiri m'chigawo cha kummwera kwa Africa amakumbukira a Albert John Luthuli monga mtsogoleri wa chipani cha ANC pa nthawi ya ulamuliro wa tsankho m'dziko la South Africa, komanso monga munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ya mtendere ya Nobel. Asanalowe m'ndale, mkuluyu adatha zaka pafupifupi 20, kuchokera mu 1915 kufika mu 1935, ali m'sukulu: poyamba akuphunzira uphunzitsi, kenako akuphunzitsa ana kumudzi, ndipo pomaliza akusula aphunzitsi anzawo. Zaka zimenezi ndi zomwe zidaumba khalidwe lomwe dziko lidadzaliona pambuyo pake.

Mwana wa mayi wamasiye

A Luthuli adabadwa cha m'ma 1898 pa mishoni ya Solusi, kufupi ndi mzinda wa Bulawayo m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Bambo awo, a John Bunyan Luthuli, adali Mzulu wochokera ku Groutville m'chigawo cha Natal, ndipo ankagwira ntchito yolalikira ndi kutanthauzira pakati pa amishonale a mpingo wa Seventh-day Adventist. Bambowa adamwalira mwanayo akadali khanda, motero udindo wonse womulera udatsalira mayi ake, a Mtonya.

Cha m'ma 1908 banjali lidabwerera ku South Africa. Albert adatumizidwa ku Groutville, kumpoto kwa Durban, kukakhala ndi a Martin Luthuli, mbale wa bambo ake, omwe adali mfumu ya deralo. Groutville udali mudzi wa akhristu womwe udakula mozungulira mishoni ya American Board, ndipo kumeneko ndi komwe mnyamatayu adayamba sukulu. Mayi ake ankalima ndiwo zamasamba ndi kuchapa zovala za azungu m'tauni ya Stanger kuti apeze ndalama ya fizi.

Mu 1914 adalowa sukulu ya Ohlange, yomwe adaikhazikitsa ndi a John Langalibalele Dube, mtsogoleri woyamba wa bungwe lomwe lidadzatchedwa ANC. Sadakhalitseko. Chaka chotsatira adasamukira ku sukulu ya mpingo wa Methodist ku Edendale, kufupi ndi Pietermaritzburg, komwe adachita maphunziro a uphunzitsi a zaka ziwiri.

Masiku amenewo mwana wachikuda amene wakhoza bwino m'kalasi adali ndi njira zochepa kwambiri zoti atsate. Akadatha kukhala mbusa, kalaliki, womasulira m'bwalo la milandu kapena mphunzitsi. Pa zonsezi, uphunzitsi ndiwo unkafikirika msanga kwa mwana wa mayi wosauka, popeza maphunziro ake adali aafupi ndipo ntchito inkapezeka m'sukulu za mishoni.

Moyo wa pa Edendale udali wa mwambo wokhwima. Kuwonjezera pa maphunziro a m'kalasi ndi mapemphero, ophunzira ankagwira ntchito zamanja. Chilango china chidali chonyamula miyala ikuluikulu pa mtunda wautali, zomwe zinkang'amba yunifolomu zomwe ambiri sakadatha kugulanso. Ophunzira adanyanyala potsutsa chilangochi, ndipo Albert adali mmodzi mwa iwo. Kunyanyalako sikudaphule kanthu, ndipo onse omwe adatengapo mbali adalangidwa. Aka kadali koyamba kuti ayime pagulu kukana lamulo lomwe adaliona kuti n'lopanda chilungamo.

Sukulu ya mphunzitsi mmodzi

Atamaliza maphunzirowa mu 1917, a Luthuli adatumizidwa ku sukulu yaing'ono ya kumudzi ku Blaauwbosch, m'chigawo chomwecho cha Natal. Pa pepala adali mphunzitsi wamkulu, koma mphunzitsi pa sukulupo adali iwo okha. Mnyamata wosakwana zaka 20 adayenera kuphunzitsa phunziro lililonse, kusunga kaundula, kusungitsa mwambo ndi kuyankha mafunso a makolo popanda wina womuthandiza.

Ku Blaauwbosch adakhala m'nyumba ya mlaliki wa mpingo wa Methodist, ndipo chitsanzo cha banja limeneli chidawachititsa kulingalira mozama za chikhulupiriro chawo. Adalandiridwa monga membala wathunthu wa mpingo ndipo adayamba kulalikira. Kuyambira pamenepo uphunzitsi ndi chikhristu zidayendera limodzi pa moyo wawo wonse.

Ntchito yawo idakondweretsa akuluakulu oona za maphunziro ku Natal, ndipo mu 1920 boma lidawapatsa thandizo la ndalama kuti akachite maphunziro apamwamba a uphunzitsi ku Adams College. Sukuluyi, yomwe ili ku Amanzimtoti kummwera kwa Durban, idakhazikitsidwa mu 1853 ndi amishonale a American Board, ndipo idadzatchedwa dzina la Dr Newton Adams, mmishonale yemwenso adali dotolo. Idali imodzi mwa sukulu zotchuka kwambiri za anthu akuda m'dziko lonselo.

A Luthuli adabwerera pa desiki ya wophunzira atalawa kale ntchito. Ankadziwa kuvuta kwa kuphunzitsa ana a misinkhu yosiyanasiyana m'chipinda chimodzi, ndiponso kusowa kwa mabuku ndi zipangizo m'sukulu za kumudzi. Zomwe ankaphunzira ku Adams ankatha kuziyeza ndi zomwe adaziona ndi maso ku Blaauwbosch.

Mwayi wa ku Fort Hare

Atatsiriza zaka ziwiri ku Adams, adakumana ndi chisankho chomwe chidasintha moyo wawo. Dr Charles Loram, omwe adakhalapo mkulu woyendera sukulu za anthu akuda ku Natal, adawapezera mwayi wokapitiriza maphunziro ku Fort Hare. Koleji imeneyi idatsegulidwa mu 1916, ndipo kwa zaka zambiri idali khomo lalikulu lomwe munthu wachikuda wa m'chigawo chino ankalowera pofuna digiri popanda kuwoloka nyanja.

A Luthuli adaukana mwayiwo. Mayi awo adali atakalamba atavutika zaka zambiri kuwaphunzitsa, ndipo iwo adaona kuti nthawi yakwana yoti ayambe kulandira malipiro ndi kuwasamalira. Sadakhalenso ndi mpata wina wotenga digiri. Vuto lomwe adakumana naloli silachilendo kwa achinyamata ambiri a m'makoleji osula aphunzitsi m'chigawo chino, omwe mabanja awo amayembekezera malipiro awo oyamba.

M'malo mopita ku Fort Hare, adavomera ntchito pa Adams pomwepo, ndipo adakhala mmodzi mwa anthu akuda oyambirira kuphunzitsa m'gawo losula aphunzitsi. Ankaphunzitsa Chizulu ndi nyimbo, ankatsogolera kwaya, ndipo pambuyo pake adapatsidwa phunziro la kayendetsedwe ka sukulu. Adapatsidwanso udindo woyang'anira ophunzira uphunzitsi pamene ankayeserera ntchito m'sukulu zozungulira kolejiyo. Ntchito yake idali kukhala kumbuyo kwa kalasi, kumvetsera momwe wophunzira akufotokozera phunziro, kuona ngati ana akutsatira, ndipo kenako kukambirana naye zoyenera kukonza.

Pa Adams adagwira ntchito limodzi ndi a Z.K. Matthews, munthu wachikuda woyamba kutenga digiri kudzera ku Fort Hare, omwe adakhala mkulu wa gawo la sekondale mu 1925. Awiriwa adadzakumananso m'utsogoleri wa ANC. Mwa achinyamata omwe adaphunzira uphunzitsi pa Adams m'zaka za a Luthuli mudali Anton Lembede, yemwe mu 1944 adakhala mtsogoleri woyamba wa nthambi ya achinyamata ya ANC. M'zaka zotsatira sukuluyi idalandiranso ophunzira ochokera kunja kwa South Africa, monga a Joshua Nkomo ndi a Herbert Chitepo a ku Zimbabwe.

Mu 1927 a Luthuli adakwatira mayi Nokukhanya Bhengu, omwenso adali mphunzitsi. Banjali lidadalitsidwa ndi ana asanu ndi awiri. Kwa zaka zingapo mayiwa ankakhala ku Groutville akulima ndi kulera ana, pomwe amuna awo adali ku Adams ndipo ankatumiza ndalama kunyumba.

Mphunzitsi kunja kwa kalasi

A Luthuli sankaona uphunzitsi ngati ntchito yothera pakhomo la kalasi. Mu 1928 adasankhidwa kukhala mlembi wa bungwe la aphunzitsi akuda la ku Natal, ndipo mu 1933 adakhala mtsogoleri wake. M'bungweli adaphunzira kuyendetsa misonkhano, kulemba makalata a madandaulo ndi kukambirana ndi akuluakulu a boma pa nkhani za malipiro ndi maphunziro.

Nkhani yaikulu m'masiku amenewo idali yokhudza mtundu wa maphunziro oyenera mwana wachikuda. Akuluakulu ena, kuphatikizapo Dr Loram, ankalimbikitsa maphunziro a ntchito zamanja ndi ulimi, ponena kuti ndiwo ogwirizana ndi moyo wa kumudzi. Aphunzitsi ambiri akuda, a Luthuli ali mommo, ankaopa kuti njira imeneyi idzatsekereza ana awo kuti akhale antchito a azungu mpaka kalekale. Panthawi yomweyo a Luthuli sankafuna kuti sukulu ichotse mwana pa chiyankhulo ndi chikhalidwe cha makolo ake, ndipo m'zaka za m'ma 1930 adathandiza kukhazikitsa bungwe lolimbikitsa chiyankhulo ndi chikhalidwe cha Chizulu. Adalinso wokonda mpira wamiyendo, ndipo adatumikira m'mabungwe oyendetsa masewerowa pakati pa anthu akuda ku Natal.

Akuluakulu a ku Groutville adayamba kuwapempha mu 1933 kuti abwerere kwawo akakhale mfumu. Ufumu wa kumeneko udali wochita kusankha. A Luthuli adazengereza kwa zaka ziwiri, popeza ankaikonda ntchito yawo ndipo malipiro a mfumu adali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a mphunzitsi wa pa koleji. Adavomera kumapeto kwa 1935, ndipo adayamba ntchito ya ufumu mu Januwale 1936.

Ku Groutville adaona umphawi womwe sunkaoneka bwino ali mkati mwa mpanda wa koleji: kuchepa kwa malo olima, amuna othawira m'mizinda kukafuna ntchito, ndi malamulo opondereza alimi a nzimbe achikuda. Adalimbikitsa alimiwo kukhala m'bungwe kuti mawu awo azimveka. Adalowa chipani cha ANC chapakati pa zaka za m'ma 1940, ndipo mu 1951 adasankhidwa kukhala mtsogoleri wake ku Natal. Mu Novembala 1952 boma lidawavula ufumu atakana kusiya chipanichi, ndipo mwezi wotsatira adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa ANC m'dziko lonse.

Kugwa kwa Adams College

Chaka chimodzi chitangodutsa, mu 1953, boma la chipani cha National Party lidakhazikitsa lamulo la Bantu Education, motsogozedwa ndi a Hendrik Verwoerd, omwe panthawiyo adali nduna yoona za anthu akuda. Lamuloli lidachotsa sukulu za anthu akuda m'manja mwa mipingo ndi maboma a zigawo n'kuziika pansi pa unduna umenewu. Cholinga chake chidali chakuti mwana wachikuda aphunzire zokhazo zomuyenereza ntchito zapansi.

Boma lidaikirapo mtima kwambiri pa makoleji osula aphunzitsi, podziwa kuti amene akusula mphunzitsi ndiye akulamula zomwe ana adzamve m'kalasi. Mipingo idauzidwa kuti ntchito yosula aphunzitsi a sukulu za boma idzakhala ya boma lokha. Akuluakulu a Adams College adayesetsa kuti sukuluyi ipitirire payokha, koma sadaloledwe. Kumapeto kwa 1956, patatha zaka zoposa 100 chikhazikitsidwire, sukuluyi idachoka m'manja mwa mishoni, ndipo boma lidaisintha dzina kukhala Amanzimtoti Zulu Training School. Dzina la Adams lidadzabwezeretsedwa pambuyo pake.

Kwa a Luthuli, omwe adaphunzira ndi kuphunzitsa pamalopo kwa zaka pafupifupi 15, nkhondo yolimbana ndi lamuloli idali yowakhudza mwachindunji. Adalitsutsa poyera, ndipo m'buku la mbiri ya moyo wawo lotchedwa Let My People Go, lomwe lidatuluka mu 1962, adafotokoza mwatsatanetsatane kuipa kwake. Mu 1955 chipani chawo chidatsogolera kunyanyala sukulu m'madera ena, koma boma lidaopseza kuchotsa ana ndi aphunzitsi, ndipo kunyanyalako kudazilala. Mkwiyo wa ophunzira pa maphunziro amenewa udadzaphulika ku Soweto mu 1976.

Zaka zotsiriza

Mu Disembala 1956, mwezi womwe Adams inkatsekedwa ngati sukulu ya mishoni, a Luthuli adamangidwa pamodzi ndi anthu ena 155 pa mlandu woukira boma, koma mlandu wawo udathetsedwa patatha chaka. Boma lidawaletsa kangapo kuyenda ndi kuyankhula pa misonkhano, ndipo kuyambira mu 1959 adatsekerezedwa kudera la kwawo. Mu Malichi 1960, apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville, iwo adatentha chitupa chawo poyera. Mphotho ya Nobel ya chaka cha 1960 adakailandira ku Oslo mu Disembala 1961. Mu 1962 ophunzira a pa yunivesite ya Glasgow ku Scotland adawasankha pa udindo waulemu wowaimira, koma boma silidawalole kupitako.

A Luthuli adamwalira pa 21 Julaye 1967 atapezeka atavulala kwambiri pa mlatho wa njanji kufupi ndi kwawo. Kafukufuku wa boma la nthawiyo adati adagundidwa ndi sitima yonyamula katundu, zomwe banja lawo silidakhulupirire. Mu Okutobala 2025 bwalo lalikulu la milandu ku Pietermaritzburg lidathetsa chigamulo chakalecho, ndipo lidapeza kuti adamwalira atamenyedwa ndi apolisi a boma la tsankho.

Omwe adagwira nawo ntchito m'chipani ankawadziwa monga mtsogoleri womvetsera mbali zonse asanagamule, woleza mtima ndi achinyamata otentha magazi, ndiponso wofotokoza nkhani zovuta m'mawu osavuta kumva. Luso limeneli adalitenga m'kalasi ya ku Blaauwbosch ndi m'zaka zomwe adakhala akumvetsera ndi kuwongolera aphunzitsi ongoyamba kumene. Nyumba yawo ku Groutville tsopano ndi malo osungirako mbiri yawo, ndipo ana a sukulu amapitako kukaphunzira za moyo wawo.