Ub Iwerks

Ub Iwerks (24 Marichi 1901 – 7 Julayi 1971) anali katswiri wojambula makatuni komanso wopanga makina a mafilimu wa ku United States. Amadziwika chifukwa chopanga Mickey Mouse limodzi ndi Walt Disney, ndiponso chifukwa chofupikitsa ntchito yokonza makatuni.

Moyo wake woyambirira

Iwerks anabadwira ku Kansas City m'chigawo cha Missouri. Mu 1919 anakumana ndi Walt Disney pamalo ena ojambula zithunzi za malonda ndipo anakhala mabwenzi. Mu 1924 anamutsatira ku Los Angeles.

Mickey Mouse

Mu 1928 Disney analandidwa katuni ya kalulu wotchedwa Oswald, ndipo ojambula ake ambiri anamuthawa. Iwerks anatsala. Iye anajambula yekha mobisa filimu yoyamba ya Mickey Mouse, Plane Crazy, pa liwiro la zithunzi pafupifupi 700 patsiku. Filimu ya Steamboat Willie, yomwe inali ndi mawu, inatuluka pa 18 Novembala 1928 ndipo inatchukitsa kampaniyo.

Mu 1930 anasiyana ndi Disney atasemphana maganizo, n'kutsegula situdiyo yake kumene anapanga Flip the Frog. Situdiyoyo sinayende bwino, ndipo mu 1940 anabwerera kwa Disney. Kuyambira pamenepo ankagwira kwambiri ntchito yokonza makina ndi njira zojambulira.

Kusintha kagwiridwe ka ntchito

Masiku amenewo chithunzi chilichonse chinkadutsa m'manja ambiri. Wojambula ankalemba ndi pensulo papepala, wina n'kukopera ndi inki papulasitiki yoonekera mkati, wina n'kupaka utoto, kenako kamera n'kujambula. Filimu ya Sleeping Beauty (1959) inadya ndalama pafupifupi madola 6 miliyoni koma poyamba sinabweze phindu, moti gawo la makatuni linatsala pang'ono kutsekedwa.

Iwerks anasintha makina a Xerox kuti azikopera mizere ya pensulo papulasitiki mwachindunji. Njirayi inagwiritsidwa ntchito mu One Hundred and One Dalmatians (1961), filimu ya agalu ochuluka a mathothomathotho amene akanatenga nthawi yaitali kuwakopera pamanja. Mtengo unatsika ndipo filimuyo inapindula kwambiri. Komabe antchito ambiri okopera ndi inki, omwe ochuluka anali amayi, ntchito inawathera.

Disney inagwiritsa ntchito njirayi kwa zaka pafupifupi 30, mpaka pamene makompyuta a CAPS, opangidwa mogwirizana ndi Pixar, anayamba kupaka utoto ndi kuphatikiza zithunzi. Filimu yoyamba kupangidwa yonse ndi CAPS inali The Rescuers Down Under (1990).

Mphoto ndi imfa

Iwerks analandira mphoto ziwiri za Academy pa luso la makina, ndipo anathandizanso Alfred Hitchcock pa filimu ya The Birds (1963). Anamwalira ndi matenda a mtima ku Burbank, California, ali ndi zaka 70. Mu 1989 anapatsidwa ulemu wa Disney Legend.