Michael Faraday ndi Magetsi a mu Nthunzi

Ambirife timamudziwa Michael Faraday ngati munthu amene anatsegula njira yopangira thiransifoma. Iye anabadwa mu 1791 kufupi ndi London, ndipo bambo ake anali osula zitsulo. Sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira ntchito yomata mabuku, ndipo mabukuwo ankawawerenga. Mu 1813 analembedwa ntchito yothandizira Humphry Davy ku Royal Institution. Mu 1831 anakulunga mawaya awiri pa mphete yachitsulo. Akayatsa kapena kuzimitsa magetsi mu waya mmodzi, mu winayo munkadutsanso magetsi kwa kamphindi. Maziko a thiransifoma ndi amenewa.

Koma pali ntchito yake ina imene sitiitchula kawirikawiri. Mu 1840, pa mgodi wa malasha wa Seghill ku England, woyendetsa injini anagwidwa shoko ataika dzanja mu nthunzi yotuluka pa thanki yowiritsira madzi. William Armstrong anafufuza nkhaniyi, ndipo ena ankaganiza kuti magetsiwo amabadwa madzi akamasanduka nthunzi. Faraday sanangovomereza. Mu 1843 anasonyeza kuti nthunzi youma siitulutsa kanthu. Magetsi amabwera timadontho ta madzi tikamakhuzana ndi paipi potuluka mwaliwiro. Atathiramo mafuta pang'ono, mtundu wa magetsiwo unatembenuka.

Patapita zaka zoposa 100, nkhani yonga yomweyi inabukanso m'kati mwa thiransifoma. M'mathiransifoma akuluakulu, mapampu amayendetsa mafuta kuti aziziziritsa mawaya okutidwa ndi mapepala. Mafutawo akamathamanga pa mapepala, amatenga magetsi a mtundu wina n'kusiya a mtundu winawo. Popeza zonse ziwiri sizidutsitsa magetsi, mphamvuyo imaunjikana mpaka kuthetheka n'kuboola mapepala aja. M'zaka za m'ma 1970 mathiransifoma ena ku Japan anawonongeka motere, ndipo mainjiniya anaphunzira kuchepetsa liwiro la mafuta ndi kuwasankha mosamala.

Faraday anali mkulu mu mpingo waung'ono wa Sandemanian, ndipo anakana kawiri utsogoleri wa Royal Society. Anamwalira mu 1867. Ife ophunzira timakonda kuthamangira nkhani zikuluzikulu. Koma munthu wotchuka kale chonchi anapatula nthawi kufufuza timadontho ta madzi, ndipo anafufuza mosamala kwambiri moti zimene anapeza zikutithandizabe kumvetsa ngozi imene iye sanaione.