Michael Faraday, mwana wa wosula zitsulo amene anafiiritsa golide

Michael Faraday anabadwa pa 22 September 1791 kufupi ndi mzinda wa London ku Mangalande. Atate ake anali osula zitsulo, ndipo cifukwa ca umphawi mnyamatayo sukulu sanapite nayo patali. Ali ndi zaka 14 anayamba kuphunzira nchito yosoka mabuku, ndipo mabuku omwewo ndiwo anakhala aphunzitsi ake. Mu 1813 katswiri wa sayansi, Humphry Davy, anamlemba nchito yomthandiza pa Royal Institution.

Mu 1831 Faraday anapeza kuti maginito akamayendetsedwa mkati mwa waya wokulunga, mu wayamo mumayenda mphamvu ya magetsi. Makina a pa Kariba ndi pa Kafue Gorge amapanga magetsi motsatira nzeru yomweyi.

Koma nchito imene ambiri saidziwa ndi ya golide, imene anailongosola mu 1857. Anasungunula mcere wa golide m'madzi, nathiramo phosphorus, ndipo madziwo anasanduka ofiira psu! Nanga golide, amene ali wacikasu, angafiire bwanji? Faraday anawalitsa kuunika m'madzimo naona njira ya kuunikako ikuoneka, monga dzuwa likalowa pa kaboo m'nyumba ya utsi. Pamenepo anazindikira kuti munali tizidutswa ta golide weni-weni toyandama, tating'ono kwambiri kotero kuti galasi lokuza zinthu la masiku amenewo silikanatha kutionetsa. Apa mpamene panaonekera ukatswiri wake: analongosola molondola cinthu cimene maso ake sanacione.

Tizidutswa totere lero timachedwa nanoparticles, ndipo kwadziwika kuti citsulo cikacepa cotero khalidwe lake limasintha. Akatswiri tsopano amasakaniza zitsulo ziwiri m'kadutswa kamodzi. Mu 2000 a kampani ya IBM ku America anapanga tizidutswa ta citsulo cosakaniza ndi platinum, timene tikatenthedwa timasunga mphamvu ya maginito kolimba, pofuna njira yosungira nkhani zambiri pa malo ocepa mu kompyuta.

Faraday sanali wokonda maudindo, ndipo anakana kukhala mtsogoleri wa Royal Society. Anamwalira pa 25 August 1867 ku Hampton Court. Mabotolo a madzi ake a golide akali kusungidwa pa Royal Institution mpaka lero.